Mapiritsi Oyera Amene Ndinabisa

Mdzukulu wanga anabereka mwa opaleshoni, koma bala lake linakana kupola. Ndinayamba ndi zimene timachita tonse kwathu kwa Nsamala: kugula makapisozi pagolosale, kuwatsegula, ufa wake n'kuwaza pabalapo. Mafinya osaleka.

Kuchipatala tinapeza dokotala wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga womaliza. Anapima mafinyawo, kenako n'kutipatsa mapiritsi amitundu iwiri, oyera ndi achikasu, ati azimwera pamodzi.

"Iwiri bwanji, bambo?" ndinafunsa.

"Agogo, tizilombo take tinazolowera mankhwala. Mtundu umodzi wokha sungatigonjetse."

Pakamwa ndinavomera, mumtima iyayi. Ine ndinakula ndikudziwa kuti mankhwala a asing'anga awiri sasakanizidwa. Amalimbana m'thupi, wovutika n'kukhala wodwalayo. Ndiponso wodziwa ntchito yake amaloza chimodzi. Wopereka ziwiri ndiye kuti akungoyesa, kapena akufuna kuchotsa zotsalira pashelefu. Ayesere pa mdzukulu wanga?

Titafika kunyumba ndinayamba kumumwetsa achikasu okha. Oyerawo ndinawakwirira m'chitini cha mbewu ya nandolo. Mdzukulu wangayo atafunsa ndinati, "Amenewo ndi apambuyo." Sanatsutse. Ndinamulera ndine.

Tsiku lachisanu anayamba kunjenjemera dzuwa lili paliwombo, thupi kutentha, khanda lake osatha kulinyamula. Tinathamangira naye kuchipatala kuja.

"Mukumwa onse?" anamufunsa dokotala.

Mdzukulu wanga anacheukira kwa ine. "Agogo anati oyera ndi apambuyo."

Dokotala sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangoti mapiritsi sangathandizenso, agonekedwe, mankhwala azilowera m'mitsempha. Mitundu iwiri ndithu.

Ndinamudikirira milungu iwiri, maso pa botolo lililonse limene ankapachika. Kukhulupirira sindinawakhulupirire, koma dzanja langa sindinaikepo. Ndinkangofunsa: ili ndi liti? Nanga la m'mawa lija latha bwanji msanga?

"Agogo, tikupatseni yunifolomu?" anatero namwino wina.

"Bweretsani, mwina ndingakuposeni."

Wodi yonse inaseka. Mdzukulu wanga yekha sanaseke, anatembenukira kukhoma.

Bala linauma, tinatuluka. Khanda lija tsopano likuyenda, ndipo mayi wake amandisiyira akamapita kumunda kapena kuchigayo. Koma likadwala, mankhwala ake amawamangirira pansonga ya chitenje n'kupita nawo, nthawi ikakwana amabwera kudzamwetsa yekha.