Tsiku Limene Apongozi Anandikankha pa Kabaza

Ntchito ya kabaza ndinaiyamba chifukwa khasu linali litandikana. Ndinakwatira kwa Mlonyeni, ndipo monga mkamwini ndinkayenera kulima munda wa apongozi, amayi a mkazi wanga. Koma msana unali utayamba kale kundivuta ku esiteti ya fodya komwe ndinkasenza mabelo. Ndikangowerama pang'ono, ululu unkachokera m'chiuno n'kutsika mwendo wamanzere ngati waya wamoto. Mlamu wanga atapeza ntchito ku Chipata anandisiyira njinga yake. Ndinawotcheretsa kaliyala yolimba, n'kuikapo khushoni, ndi timapazi topondapo wokwera.

Mmawa uliwonse ndinkapopa matayala, kukunga masipoko, kuthira oilo pa tcheni, kenako ulendo wa ku siteji. Malonda a pa boda ya Zambia anali atatentha zaka zimenezo, choncho tinkanyamula anthu, matumba a feteleza, ngakhale mabelo a kaunjika, titamanga ndi mphira. Kupalasa kunali bwinoko kusiyana ndi kulima, koma pa chitunda msana unkandikumbutsa kuti ulipo.

Kuchipatala ndinapitako kangapo. Adokotala ena anandijambula msana, n'kuyang'ana chithunzicho pawindo. "Mafupa anu ali bwinobwino, bambo. Ukupweteka kwambiri?" Pakhomo panali mzere wa anthu odwaladi, ena atagona pansi. Ndinayankha kuti, "Pang'ono chabe." Anandipatsa mapiritsi opha ululu. Kumudzi nkhani inamveka kuti makina sanapeze kanthu, ndipo amayi ena pachitsime ankati mkamwini wa kwa a Nambewe ali ndi matenda othawa khasu. Apongoziwo, a Nambewe, sanayankhulepo. Kukhala chete kwawoko n'kumene kunkandiwawa kwambiri.

Tsiku lina m'mwezi wa Okotobala apongozi anadzuka tsaya litatupa ndi dzino. Kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi, koma njinga ina yowatengera kuchipatala panalibe. Anakwera chammbali, atamanga mpango kuzungulira chibwano, atagwira kaliyala kuti asandikhudze.

Tili pafupi kufika pa boma, pa kachitunda kena, ndinaimirira pa mapedulo kuti ndikoke mphamvu. China chake chinangoti the m'chiuno. Mwendo unafa, ndipo ndinagwera m'ngalande. Apongozi anadumpha bwino. Ndinayesa kudzuka, ndinalephera. Ndinalira mokweza ngati mwana, pamaso pawo.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "A Phiri, gwirani phewa langa."

"Ayi amayi, ndidzuka ndekha."

"Gwirani. Mwambo tikaupeza kunyumba."

Anandikweza pa khushoni ya makasitomala, iwo n'kugwira mahandulo, kuyamba kukankha. Mseuwo unkadutsa pa siteji yathu penipeni. Anzanga ataona, wina anakuwa kuti, "Taonani, lero dalaivala wasintha!" Kuseka kunali ponseponse. Ndinazyolika, maso pa tcheni. Awiri atazindikira kuti zavuta anathamanga kudzalandira njinga, koma apongozi anakana kuisiya mpaka pa geti la chipatala.

Tinapeza adokotala ena, mayi. Anandigoneka chagada, nanyamula mwendo wanga pang'onopang'ono. Usanakwere n'komwe ndinakuwa. Anandibaya ndi kasingano kuphazi, sindinamve kanthu.

"Izi sizinayambe lero. Anzanga aja munkawauza chiyani?"

"Ndinkati pang'ono."

"Nanga ife tingadziwe bwanji? Mtsempha wapanikizika, ndipo umenewu suoneka pa chithunzi cha mafupa chija. Katundu wolemera musiye, khasu musiye. Mukapitiriza, mwendo uwu udzafota."

Apongozi anali ataima pakhomo, atatembenukira kukhoma chifukwa ndinali nditavula shati. Anafunsa ali chomwecho kuti, "Adokotala, ndiye kuti akudwaladi?"

"Akudwala kwambiri, mayi."

Anangoti, "Oho." Pamene ankapita ku mzere wa mano anapeza atatseka kale. Anagona pa khonde la chipatala ndi dzino lawolo, kudikira mmawa, ine ndili pa bedi.

Msana sunapole mpaka lero. Adokotala aja anandiphunzitsa mawongoledwe a thupi ochita nditagona pa mphasa, ndi kunyamula chinthu nditapinda mawondo osati msana. Masiku ena ndimadzuka bwino, ena ndimavala nsapato mothandizidwa ndi mkazi wanga. Kabaza ndinasiya. Ndimakonza njinga za anzanga pansi pa mtengo wa mango, nditakhala pa kampando, ndipo akafika amene anandiona tsiku lija ndimamvabe nkhope ikutentha.

Chimene ndinatolapo n'chakuti adokotala salowa m'thupi mwako, amamva zimene wawauza. Ndiye mnzanga wa kabaza akabwera akutsimphina, n'kumati ndi pang'ono chabe, ndimaika sipanala pansi. Ndimamuuza kuti njinga aisiye pomwepo, apite kuchipatala, ndipo akamufunsa akanene zonse mmene zikuwawira, ngakhale pakhomo pakhale anthu akumvetsera.