Sewero la Mlembi Wosaopa

Ku Unit L, dera lathu la m'tauni muno mu Zimbabwe, tinali ndi mlembi wathuwathu wa masewero, madala wina wopuma pa uphunzitsi, wa jekete lachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anabadwira pa famu ya fodya, komboni imodzi ndi amayi anga, makolo awo onse ochokera ku Malawi. Koma iye atafika m'tauni anatola dzina la Chishona, Chichewa n'kuchisiya m'kombi ngati ambulera.

Amayi analibe chitupa cha unzika. Kuofesi anawauza kuti abwere ndi mboni yowadziwa kuyambira ubwana, yoti inene kuti anabadwira muno mu Zimbabwe. Anzawo a kufamu onse anali atatsikira kulichete, kupatula mlembi wathuyu. Popanda chitupa amayi sakanalembetsa kanyumba kawo ka ku Nyatsime m'dzina lawo, ndipo tinkagona ndi mantha kuti wina adzakatenga. Tinapita kwa madalawo kangapo. Ankatilandira bwino, tiyi ndi mabanzi, kenako n'kutiuza m'Chishona chosalala kuti ali otanganidwa ndi sewero. Chenicheni, ankaopa kuti akatchula famuyo anthu adziwa kwawo.

Sewerolo linali la mlembi wokalamba amene chikumbumtima chikumusowetsa tulo chifukwa cha mavuto a anthu osauka. Wolemba iye, wosewera mlembiyo iyenso. Nanga wina akanaitha ntchito yopatulika imeneyo?

Loweruka masana holo ya tchalitchi inadzaza. Ine ndinakhala kumbuyo ndi amayi, mtima ukuwira. Madala anayendayenda pa nsanja, kudziguguda pachifuwa, kulumbira kuti cholembera chake ndi pakamwa pa onse opanda mawu. Misozi inatuluka yeniyeni, azimayi kutsogolo n'kumapukuta maso ndi nsalu. Kenaka anatambasula manja kwa ife, mawu akunjenjemera, n'kufunsa ngati alipo mmodzi mwa anthu ake amene iye anamutaya.

Amayi anaimirira. Ndinawakoka chitenje koma anandikutumula dzanja.

"Ine, achimwene," anatero m'Chichewa. "Tinkasankha fodya limodzi. Tiyeni mukanene zomwezo kuofesi Lolemba."

Madala anayasama, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa jekete. Basi wina kutsogolo anayamba kuwomba m'manja, poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Onse anatsatira, nthungululu zili pakamwa. Mlembi wathu anawerama mwaulemu n'kulandira zonsezo, osatsala ndi kamodzi komwe. Ine manyazi ndi ukali zinandigwira pamodzi.

Panja anthu anamuzungulira, akumutama kuti nzeru yobisa gogo pakati pa oonera inali yapamwamba. Iye sanakane. Atationa pageti anabwera akumwetulira, n'kugwira amayi dzanja ndi manja awiri. Amayi anawala nkhope, akuyesa kuti za Lolemba zatheka. Madala anatsitsa mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akuyankhula Chichewa.

"Achemwali, Loweruka likudzali tikasewera ku Unit G. Mubwerenso, koma mudzakwezeko mawu pang'ono."