Tsiku Limene Mpingo Unaimba Chokhala Pansi

Hezron Chirambo wa ku Hewe ndiye ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi, ndipo ankakonda kunena kuti woimbira Mulungu ali chikhalire alibe mwambo. Mu 1979 anapita kumigodi ya ku Joni. Fumbi ndi chifuwa chachikulu zinamudya mapapo, mpaka pa 3 Ogasiti 1987 anatsokomola magazi odzaza beseni.

Madokotala akumeneko analowetsa kapaipi kakang'ono pamphechepeche, n'kukatseka ndi timibulu ting'onoting'ono mtsempha umene unkachucha m'mapapo. Magazi analeka. Koma timibulu tina totsekera tinasochera, tinakatseka mtsempha wodyetsa msana. Kutacha, miyendo yake inali ngati ya munthu wina.

Anafika kwawo pa 14 Novembala, anthu akumutsitsa m'lole ngati belo la fodya. Mawu anali akadali ake omwe aja, koma kutchalitchi anakaniratu.

"Adada, nyimbo zikufera m'kamwa mwa a Gordon," ankatero mkazi wake Nyaluhanga, kunena mkulu wa mpingo amene analowa m'malo mwake. "Amayambira kumwamba ngati tambala wotsamwa."

"Asiyeni alire. Ine ndikaimbe chokhala ngati ndili pamowa?"

"Kodi Mulungu amamvera kumiyendo?"

Hezron ankangotembenukira kukhoma. Chaka chinatha osatulutsa nyimbo, ngakhale ya m'mphuno.

Kenaka Nyaluhanga, pochapa, anapeza kansalu kamagazi kobisidwa kunsi kwa mphasa. Madokotala anali atachenjeza kuti mtsempha ukhoza kudzatsegukanso. Sanamufunse kanthu mwamuna wake. Anavala mpango n'kupita kwa akulu a mpingo.

Lamulungu pa 9 Epulo 1989 Nyaluhanga anamukweza panjinga, akukankha yekha, Hezron akung'ung'udza njira yonse kuti akukamuchititsa manyazi. Anamukhazika pabenchi lakutsogolo. Mbusa analengeza nyimbo. Hezron anaweramitsa mutu, kudikira phokoso la anthu akudzuka n'kumusiya yekha pansi.

Kunali zii. Palibe anaimirira.

"Yambani, a Chirambo," anatero Gordon. "Lero tonse tilibe miyendo."

Hezron anadzutsa mutu. Mawu anatuluka osasa, kenaka anakhazikika, mpingo n'kuwalandira. Ndime yachitatu sanaimalize; anagwira kansalu pakamwa, anthu n'kumumalizira.

"Yewo chomene," anathokoza Hezron m'Chitumbuka potuluka, "koma munathamanga ndime yachiwiri."

Anamwalira pa 2 Meyi, magazi atabweranso mwamphamvu. Pamaliro ake anthu anaimirira kuti aimbe. Nyaluhanga yekha anakhala pansi.