Zithunzi za ku Kachisi wa ku Iguputo

Chitseko cha nyumba imene ndinkachita lendi ku Lozells, kutsidya kwa nyanja kumene ndinkaphunzira, chinali ndi kachitsulo kotseka polowetsera makalata. Kankalira kuti phwa! m'mawa uliwonse, ine n'kutsika masitepe, koma makalata ambiri ankakhala a anthu amene anasamuka kalekale. Yanga inkabwera kamodzi pa miyezi iwiri, yochokera kwa agogo amene anandilera makolo anga atamwalira. Ankawalembera ndi aphunzitsi ena oyandikana nawo nyumba.

Ya mu Novembala chaka chimenecho inali yaifupi: "Nditumizire chithunzi chako. Maso akuchita nkhungu, ndikufuna ndikuone asanatsekeretu."

Ndinalibe chithunzi china kupatula cha m'pasipoti, choncho ndinagula kakamera kotchipa. Holide ya Khirisimasi itafika, anzanga a ku yunivesite anabalalika kupita kwa abale awo. Tikiti ya kumudzi sindikanaikwanitsa, koma pawindo la shopu ina ku Kings Heath anamatapo za ulendo wa sabata imodzi wopita ku Iguputo. Ndinati bola kumeneko, n'ku Afirika ndithu, agogo akandione ndili padzuwa.

Pagulu lathu la paulendowo anthu anali awiriawiri. Amene tinali tokha tinali ine ndi mkulu wina wa ku Solihull, wopuma ntchito ku fakitale ya magalimoto. Tikakumana kodyera tinkangogwedezerana mutu.

Tsiku lachitatu anatitengera ku kachisi. Ndinkayembekezera bwinja, koma denga linalipo, mizati yake yoti anthu asanu atagwirana manja sangaizungulire, utoto wabuluu ukuonekabe kumwamba. Wotiperekeza anati chimene chinamusunga ndi mchenga umene unamukwirira kwa zaka zambirimbiri. M'kati munali mozizira, mukununkha mileme. Pakhoma lina anasemapo mayi akuyamwitsa mwana, koma nkhope ya mayiyo wina anaigoba ndi chitsulo. Ndinaima pamenepo mpaka gulu linandisiya.

Panja anthu ankapatsirana makamera: "Tatijambulani, chonde." Ine pakamwa panakana. Agogo anandizoloweza kuti mwana wamasiye asamapemphe kanthu kwa anthu, angamunene. Ndinayandikira banja lina kamera ili m'manja, n'kungodutsa ngati ndikuyang'ana mzati. Ndinati ndipempha mawa. Mawa lake chimodzimodzi.

Nditabwerera ndinakatsukitsa filimu ya m'kamera muja. Zithunzi makumi awiri ndi zinayi: miyala, mizati, bulu, mayi wopanda nkhope uja katatu. Ine panalibe. Ndinayamba kalata yopita kwa agogo, n'kulekezera pa moni.

Loweruka lina mu Januwale, mvula ikuwaza, wina anagogoda. Anali mkulu wa ku Solihull uja, chipewa chitanyowa.

"Ndiwe wovuta kupeza, mnyamata iwe. Adilesi ndinaikopera pa sutikesi yako ku bwalo la ndege, undikhululukire."

"Lowani, bambo, ndikuphikireni tiyi."

"Ayi, galimoto ndaimika poletsedwa. Ku kachisi kuja ndinkakuona ukuzungulirazungulira ndi kakamera kako ngati wataya singano, ndiye ndinakujambula zithunzi zingapo. Sunamwetulire ngakhale pa chimodzi, koma nkhope ikuoneka. Alipo woti ungamutumizire?"

"Alipo agogo anga."

"Uwatumizire chachiwiricho, dzuwa likukuwomba kumaso."

Anatulutsa envulopu ya zithunzizo m'jekete, anaiika m'manja mwanga, n'kuthamangira kugalimoto yake.