Phiri Linapita ndi Agogo

Ndinadzuka kusanache, pamphasa pakati pa azimayi amene anachezera kuimba pamaliro a agogo. Kunja kunali mphepo ya mwezi wa Juni, ndipo kuseri kwa nyumba moto wa nyemba ndi kabichi unali utayaka kale. Nditayang'ana kukhoma la pabalaza ndinangoona msomali.

Pamsomalipo pankakhala chithunzi chimene agogo aamuna anabwera nacho kuchokera kummawa, pamene ankadzayamba ntchito ya njanji kuno ku Kafue. Chinali cha phiri la kwawo, chojambulidwa ndi mzungu wina m'zaka za m'ma 1800. Alendo ankayamikira mitambo ndi miyala yake. Ine agogo ankandilozera pakona yam'munsi, pamene panali tinyumba taudzu ndi mayi atasenza mtsuko. Ankati wojambulayo ankafuna phiri, mudzi wathu unangolowamo mwangozi. Mudziwo anausamutsa kalekale, ndipo palibenso china chosonyeza kuti unalipo.

Anthu anayamba kufika, a ku Chanyanya panjinga, a ku Shimabala palole. Ndinkapereka madzi osamba m'manja uku ndikusuzumira pansi pa mipando ndi m'makatoni, kufunafuna chithunzicho. Sindinafunse munthu.

Ndinachiona pa nthawi yoona nkhope. Chinali pachifuwa pa agogo, pansi pa manja awo, atachichotsa m'felemu.

Azakhali anaona pamene maso anga anali. "Batate sitinakwanise kubapeleka kumunzi," anatero. "Bayende nayo phiri yao." Azimayi anagwedeza mitu kuvomereza.

Mawu ndinali nawo. Ndinkangofuna kunena kuti tichijambule kaye ndi foni. Amalume anali pambali panga, foni ili m'manja. Ndisanatsegule pakamwa, wina kumbuyo anandigwira phewa: "Iwe, shani, waimilila chani? Yenda, banthu ni bambiri." Ndinayenda.

Tinatsatira galimoto ya bokosi m'fumbi mpaka kumanda. Pokwirira ndinalira kwambiri, azimayi n'kumati mwanayu ankawakonda agogo ake. N'zoona, koma ndinalinso nditakwiya. Azakhali sindinawakwiyire, anachita mwachikondi. Ndinakwiyira pakamwa panga.

Madzulo nyumba inali zii, mipando ikadali panja. Ndinatenga buku langa ndi pensulo kuti ndijambule chithunzicho ndisanaiwale. Phiri linatuluka bwino, ndi mitambo yomwe. Nditafika pakona yam'munsi dzanja linaima. Tinyumba sindikukumbuka kuti tinali tingati. Sindikudziwanso ngati mayi wa mtsuko uja ankalowa m'mudzi kapena ankatuluka.