Kompyuta Imene Inatichotsa ku Kabwata

Nyumba yathu ya m'mafulati a ku Kabwata sinali yathu. Inali ya kampani ya boma kumene amuna anga ankagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo masiku amenewo, chipani chikadali chimodzi, ntchito ikatha nyumba inkapita nayo. Ine ndinkazidziwa bwino zimenezi. Woiwala anali bambo a m'nyumba.

Ku ofesi kwawo kunabwera kompyuta imodzi. Abwana ankaiopa, moti masiku ambiri inkangokhala yofunditsidwa nsalu. Woigwira anali amuna anga okha, ndipo ankaikonda moti ine nsanje inkandigwira, sindikunama. Lachisanu lina, abwana atapita ku msonkhano wa chipani, amuna anga anaikweza m'galimoto ya kuntchito n'kubwera nayo kunyumba osapempha. Mnzawo wa ku Roma, dera lina la mumzinda womwewo, wophunzitsa ku yunivesite, anali atawakopera madisiki atatu a pulogalamu yatsopano, ija yoyendetsa makina onse. Amuna anga ankati aiike phee kunyumba, kuti Lolemba abwana akadabwe.

Loweruka m'mawa anaikhazika pa tebulo lodyera. Disiki yoyamba inalowa bwino, n'kufufuta zakale zonse. Yachiwiri inalowanso. Yachitatu inalira ngati chitseko cha dzimbiri, kenaka zii. Anazimitsa n'kuyatsanso. Pagalasi panangotuluka mzere umodzi wa Chingerezi, wonena kuti makina sakupeza poyambira, ndi kadontho kophethira pansi pake.

"Osavutika, izayaka manje manje," anatero osandiyang'ana.

Anaiuzira disikiyo, kuipukuta ndi malaya, kuilowetsanso. Anabwerera ku yoyamba, koma nayo inakana. Anamasula chivundikiro ndi mpeni wanga wa anyezi, n'kumakankha nthambo iliyonse ngati akudziwa chimene akufuna. Ine ndinkangowiritsa tiyi amene palibe ankamwa. Zimawawa kuona munthu wako akutuluka thukuta, iwe wopanda ngakhale mawu oti umulangize nawo.

Tsono m'mafulati simubisika kanthu. Anthu anali ataona bokosi likukwera masitepe, ndipo masana anayamba kugogoda. Mlendo sabwezedwa pakhomo. Anadzaza mipando, ena pansi, onse maso pa kadontho kaja, duu ngati pamaliro. Mayi wina wa fulati ya pansi anandifunsa monong'ona ngati TV yathuyo sionetsa anthu. Ndinaseka, koma maso anga anali pa a tcheyamani a chipani a m'dera lathu, amene anali pakati pawo. Iwo sanayang'ane galasi. Anazungulira tebulo n'kuwerama kumbali kwa makina.

"Iyi ni ya boma, ka? Naona nambala apa," anatero mwaulemu, akumwetulira.

Lamlungu ndinapita ndekha kutchalitchi, ndipo ndinapempherera kompyuta popanda manyazi. Amuna anga anakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Roma, kukatenga mnzawo uja. Anapeza atapita kumaliro ku Petauke, ndipo kubwera kwake palibe ankadziwa. Anabwerera nsapato zili mbuu, anayatsanso makina aja, n'kukhala pamenepo manja ali m'masaya. Ndinali nditakonza mawu ambiri owakalipira, koma nditawaona ndinangopita kukawaphikira.

Lolemba anaibweza ku ofesi n'kukaulula okha. Anandiuza kuti abwana sanakalipe n'komwe. Zoti makina afa sanazifunse. Anangofunsa kuti ndani wina anaona katundu wa boma m'nyumba mwathu. Amuna anga anati fulati yonse, ndi a tcheyamani omwe. Abwana anapukusa mutu, nati nkhaniyo yawakulira, sangaikwirire.

Ntchito sanachotsedwe. Anawasamutsira ku nthambi ya kutali kumudzi, kumene kunalibe magetsi, ndipo nyumba anati tiipereke pakutha pa mwezi.

Tsiku lina sabata lomwelo, ndikukulunga makapu m'manyuzipepala, amuna anga analowa nkhope ikuwala ngati munthu wakwezedwa pantchito. Mnzawo uja anali atabwera kumaliro, anapita ku ofesi ndi disiki yabwino, ndipo zonse zinatheka tiyi asanazizire.

"Yayaka, amake mwana. Isebenza bwino maningi," anatero, kunena kuti kompyuta ija ikugwira bwino ntchito.

Ndinawayang'ana, kapu ili m'manja. Anali okondwa ndi mtima wonse. Ndinawauza kuti andipatsire katoni ina.