Mpama wa M'nkhalango ya Linthipe

Fungo la matope ouma limandikumbutsa nkhalango ya m'mbali mwa Linthipe, kufupi ndi kwathu ku Lifuwu. Chaka chilichonse mtsinje ukasefukira, madzi ankalowa m'nkhalangomo n'kusiya mzere wa matope pa makungwa a mibawa, pamwamba kuposa msinkhu wanga. Akaphwa, nthaka inkakhala yakuda ndi yonona, bowa ankamera pansi pa mikuyu ndi misikidzi, ndipo matondo ankagwa mpaka kusowa owatola.

Chaka cha njala, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, mtsinje sunasefukire. Nthaka inang'ambika, mitengo ya nyowe sinabale, ngakhale anyani anasamuka. Atate anali ku Joni, ndipo pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Yohane amene anali atangosiya kuyamwa.

Nyika zomwe tinkazula m'mathamanda n'kumadya zitatha, amayi ananditenga kukakumba mpama. Tinkatsata tsinde lake louma, loyanga pa mitengo, mpaka pamene linalowera pansi. Anandiuza kuti mpama uli ndi ululu, ndipo umafunika kuusenda, kuuduladula, n'kuuviika masiku angapo m'madzi oyenda. Koma madzi oyenda kunalibe. Anauviika mumphika, n'kumasintha timadzi ta pachitsime.

Tsiku lachiwiri Yohane anasiya kulira, ankangoyang'ana kudenga. Amayi anatapako zidutswa zochepa, naphika, n'kukadyera kuseri kwa nkhokwe yathu yopanda kanthu. Ndinawapeza akutafuna. Nditatambasula dzanja, analimenya.

"Choka apa. Iwe udzadya mawa."

Ndinalira kwambiri, n'kuwauza kuti ndi omana. Dzuwa litapendeka anayamba kusanza ndi kunjenjemera. Ali chigonere pamphasa anaitanitsa aNachisale, mnansi wathu, nawauza kuti mpama wotsalawo auviikebe masiku ena atatu, ndipo ana asaukhudze. Amayi anamwalira m'mawa mwake. Wotsalawo tinadya maliro atatha, ndipo palibe amene anadwala. Ndiwo unatifikitsa ine ndi Yohane ku zokolola.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti amayi anafa chifukwa chotimana, poti ndinkamva akuluakulu akunena kuti kumana mwana ndi tchimo. Ndinadzamvetsa ndili mayi nanenso, tsiku lina ndikulawa mankhwala a mwana wanga ndisanam'mwetse. Ndinakhala pansi ndi chikho m'manja kwa nthawi yaitali. Mawu omaliza amene amayi anamva kuchokera pakamwa panga anali aja akuti ndi omana.